Njinga yamoto kapena minibasi: kuyerekeza liwiro la zinthu zoyenda ndi acceleration yosasintha

Madzulo ena, tikukonzekera mayeso a Physics ndi ana a Fomu 3, ndinalemba funso ili pa bolodi. Njinga yamoto yaima pa maloboti. Getsi lobiriwira litangoyaka, minibasi yomwe imabwera kale pa liwiro la mamita 6 pa sekondi ikudutsa pambali pake, ndipo nthawi yomweyo njingayo ikunyamuka. Acceleration ya njinga ndi 2 m/s² (sekondi iliyonse liwiro lake likuwonjezeka ndi mamita 2 pa sekondi), ya minibasi ndi 0.5 m/s². Pakatha masekondi awiri, ndi iti imene ikuthamanga kwambiri?

Manja anakwera msangamsanga, ndipo pafupifupi onse anati njinga, poti 2 amaposa 0.5. Mtsikana wina wokhala pafupi ndi zenera anadikira kaye kuti phokoso lithe, kenako anati, "Aphunzitsi, komatu minibasiyo inali ikuyenda kale." Iyeyo ndiye anakhoza. Pakutha pa sekondi yachiwiri njinga ili pa mamita 4 pa sekondi, pamene minibasi ili pa 7.

Mafunso otere amagwetsa ngakhale ana omwe mafomula anawaloweza pamtima, ndipo zimandipweteka kuona mwana wanzeru akutaya malikisi pa chinthu chimene akanachimvetsa m'mphindi makumi awiri. Masamu ake ndi ophweka. Chomwe chimasokoneza n'choti mwana amayamba kuwerengetsa asanadzifunse kuti zinthu ziwirizo akuziyerekeza pa nthawi imodzi kapena pa malo amodzi. Tengani pepala ndi cholembera, tiyendere limodzi.

Poyamba, lekanitsani liwiro ndi acceleration

Liwiro limatiuza mtunda umene chinthu chikuyenda pa sekondi imodzi. M'mabuku mupeza mawu awiri, speed ndi velocity. Kusiyana kwake n'koti velocity imanenanso kumene chinthucho chalunjika. Acceleration ndi kuchuluka kwa liwiro limene likuwonjezeka, kapena kuchepa, pa sekondi iliyonse. Tikati ndi yosasintha, tikutanthauza kuti sekondi iliyonse ikuwonjezera liwiro lofanana ndi lomwe inawonjezera sekondi yapitayo.

Ine ndimakonda kufotokoza ndi ndalama. Mayi wina wogulitsa mandasi ali kale ndi K6,000 m'kachikwama, ndipo tsiku lililonse akusunga K500. Mnzake alibe kalikonse lero, koma tsiku lililonse akusunga K2,000. Ndani ali ndi zambiri? Yankho likudalira tsiku limene mwafunsa. Pakatha masiku awiri woyambayo ali ndi K7,000, mnzakeyo K4,000. Pakatha masiku anayi onse ali ndi K8,000. Kuyambira pamenepo wachiwiriyo ndiye ali pamwamba. Ndalama za m'chikwama ndiye liwiro, zosunga pa tsiku ndiye acceleration. Onaninso manambalawo: ndi omwe aja a minibasi ndi njinga.

Chachiwiri, lembani zomwe mwapatsidwa, chinthu chilichonse pachokha

Gawani pepala pakati, mbali imodzi ya njinga, ina ya minibasi. Mbali iliyonse lembani zilembo zisanu: u liwiro loyambira, v liwiro lomalizira, a acceleration, t nthawi, s mtunda. Ikani nambala pomwe funso lakupatsani. Mawu akuti "chinayamba chitaima" akutanthauza kuti u ndi 0. Akuti "mpaka chinaima" akutanthauza kuti v ndi 0.

Miyezo ikhale yofanana musanayerekeze chilichonse. Ngati galimoto ina yapatsidwa m'makilomita pa ola, ina m'mamita pa sekondi, gawani ya makilomitayo ndi 3.6. Nambala imeneyi imachokera poti kilomita ili ndi mamita 1,000 ndipo ola lili ndi masekondi 3,600. Choncho 36 km/h ndi 10 m/s, 72 km/h ndi 20 m/s.

Sankhaninso mbali imodzi yomwe muziitcha plus, ndipo musaisinthe mpaka funso lithe. Chilichonse cholowera kwina chitenge minus. Galimoto ikamamanga mabuleki, liwiro lake lili plus koma acceleration yake ili minus.

Chachitatu, funsani: pa nthawi imodzi kapena pa malo amodzi?

Apa ndiye pagona nkhani yonse, ndiye tichedwepo.

Funso likanena kuti "pakatha masekondi akutiakuti", mukuyerekeza pa nthawi imodzi. Fomula yake ndi v = u + at, ndipo muigwiritse ntchito kawiri, ndi t yemweyo mbali zonse ziwiri. Njinga: v = 0 + 2t. Minibasi: v = 6 + 0.5t. Pakatha sekondi imodzi, njinga 2, minibasi 6.5. Pakatha masekondi atatu, njinga 6, minibasi 7.5. Pakatha asanu ndi limodzi, njinga 12, minibasi 9.

Koma funso likhoza kubwera mwina. Tinene kuti pali polo yamagetsi pa mtunda wa mamita 16 kuchokera pa maloboti paja, ndipo akufunsa kuti ndi iti imene ikudutsa pa poloyo ndi liwiro lalikulu. Tsopano chofanana ndi mtunda. Nthawi yasiyana, chifukwa sizifika pa polo limodzi. Fomula yopanda t ndi imene ikufunika: v² = u² + 2as.

Njinga: v² = 0 + 2 × 2 × 16 = 64, ndiye v ndi 8 m/s. Minibasi: v² = 36 + 2 × 0.5 × 16 = 52, ndiye v ndi pafupifupi 7.2 m/s.

Taonani zomwe zachitika. Minibasi ndi imene yayamba kufika pa polo, patatha masekondi pafupifupi 2.4, pamene njinga yafika patatha masekondi 4. Komabe pa polo pomwepo njinga ndi imene yadutsa mothamanga kwambiri. Munthu amene wagwira wotchi n'kuyang'ana pa sekondi yachitatu anena kuti minibasi ikuthamanga kwambiri. Munthu amene waima pa polo n'kuyeza chilichonse chikamadutsa anena kuti njinga. Onse awiri akunena zoona, koma ayankha mafunso osiyana. N'chifukwa chake ndimauza ana anga kuti asanagwire calculator adule kaye mzere kunsi kwa mawu a funso omwe akunena za nthawi kapena za mtunda.

Musaiwale square root pomaliza. Ana ambiri amafika pa 64 n'kulemba kuti liwiro ndi 64 m/s, osazindikira kuti njinga yapamsewu siingafike pa makilomita 230 pa ola itangoyenda mamita 16. Yankho lililonse lichulukitseni ndi 3.6 m'mutu, muone ngati likumveka.

Chachinayi, kulingana liwiro si kupezana

Kuti mupeze nthawi imene zinthu ziwiri zili ndi liwiro lofanana, linganizani ma v awo: 2t = 6 + 0.5t. Mukachotsa 0.5t mbali zonse mutsala ndi 1.5t = 6, ndiye t ndi masekondi 4. Zonse ziwiri zili pa 8 m/s.

Ana ambiri amalemba pamenepa kuti njinga yaipeza minibasi. Ayi ndithu. Werengetsani mtunda ndi s = ut + ½at². Njinga yayenda ½ × 2 × 16, omwe ndi mamita 16. Minibasi yayenda 6 × 4 kuphatikiza ½ × 0.5 × 16, omwe ndi mamita 28. Minibasi ili patsogolo ndi mamita 12, ndipo apa ndi pomwe mpata pakati pa ziwirizi wakula kwambiri. Masekondi anayi onse aja minibasi imathamanga kuposa njinga, ndiye imangotalikira. Kuyambira tsopano mpatawo uyamba kuchepa.

Kupezana ndiye kulingana kwa mtunda, choncho linganizani ma s: t² = 6t + 0.25t². Mutsala ndi 0.75t² = 6t, ndiye t ndi masekondi 8. Zonse zayenda mamita 64. Pa nthawi imeneyo njinga ili pa 16 m/s, minibasi pa 10 m/s. Chinthu chimene chikupitirira chinzake chimakhala chikuthamanga kuposa chinzakecho. Zikanakhala pa liwiro limodzi zikanangoyenda mogundizana mapewa.

Mwaona kuti 8 ndi 4 kawiri? Sizinangochitika mwangozi. Zinthu ziwiri zikayambira pa malo amodzi nthawi imodzi, chilichonse ndi acceleration yake yosasintha, nthawi yopezana imakhala kawiri nthawi yolingana liwiro. Ndi njira yabwino yotsimikizira yankho lanu pa mayeso.

Chachisanu, jambulani graph

Mzere wogona ukhale wa nthawi, woimirira ukhale wa liwiro. Acceleration ikakhala yosasintha, chinthu chilichonse chimapereka mzere wowongoka. Wa njinga uyambira pa 0 n'kukwera kwambiri. Wa minibasi uyambira pa 6 n'kukwera pang'onopang'ono. Kupendekeka kwa mzere ndiye acceleration. Mzere umene uli pamwamba pa nthawi ina iliyonse ndi wa chinthu chothamanga kwambiri pa nthawiyo. Pomwe mizere yadutsana ndi pomwe liwiro lalingana.

Malo amene ali kunsi kwa mzere ndiwo mtunda woyendedwa. Yang'anani triangle imene ili pakati pa mizere iwiriyo kuyambira pa 0 mpaka pa sekondi yachinayi: ½ × 4 × 6 = 12, mamita aja minibasi inatsogola nawo. Kuti njinga ibweze ngongole imeneyi pafunika triangle ina yofanana nayo mbali inayo, ndipo imeneyo ikutha pa sekondi yachisanu ndi chitatu. Mwana akaona ma triangle awiriwa ndi maso ake, za "kawiri" zija saiwalanso.

Chachisanu ndi chimodzi, zinthu zakugwa

Chinthu chilichonse chogwa pafupi ndi nthaka chimakhala ndi acceleration imodzi, imene timaitcha g. Ndi pafupifupi 9.8 m/s², ndipo mafunso ambiri amalola 10 kuti masamu aphweke. Kulemera kwa chinthu sikulowa m'mafomula athu onse aja. Chimene chimachedwetsa tsamba kapena pepala ndi mpweya. Yesani nokha: gwetsani mwala ndi pepala lotambasula, kenako likwinyeni pepalalo likhale kampira, mugwetsenso. Ulendo wachiwiri zifika pansi pafupifupi limodzi. Mu 1971, David Scott wa ulendo wa Apollo 15 anaimirira pa mwezi, pomwe palibe mpweya, n'kugwetsa hamala ndi nthenga ya mbalame nthawi imodzi. Zinafika pansi limodzi, ngakhale zinagwa mochedwerapo chifukwa g ya pa mwezi ndi pafupifupi 1.6 m/s².

Tiyeni tiyerekeze njerwa ziwiri zogwa pa nyumba yomwe ikumangidwa, ina kuchokera pa mamita 5, ina pa mamita 20. Yoyamba: v² = 2 × 10 × 5 = 100, v ndi 10 m/s. Yachiwiri: v² = 400, v ndi 20 m/s. Msinkhu wachuluka kanayi, koma liwiro langochuluka kawiri. Chinthu chikayamba chitaima, liwiro lake limakula molingana ndi nthawi, koma pa mtunda limatsata square root.

Nali funso lomwe limautsa mkangano m'kalasi nthawi zonse. Mwaima pamwamba pa thanthwe lotalika mamita 15 ndi miyala iwiri. Wina mwauponya m'mwamba pa 10 m/s, wina mwauponya pansi pa 10 m/s yomweyo. Ndi uti umene ufike pansi ndi liwiro lalikulu? Mtima umati woponyedwa pansiwo. Koma tikuyerekeza pa malo amodzi, ndiye titenge v² = u² + 2as, mbali ya pansi ikhale plus. Wa pansi u ndi 10, wa m'mwamba u ndi minus 10. Mukachulukitsa nambala ndi iyo yomwe, minus imachoka: onse awiri u² ndi 100. Choncho v² = 100 + 300 = 400, ndipo yonse ifika pa 20 m/s. Mwala wopita m'mwamba uja umakwera, kuima, n'kubwerera, ndipo podutsa pa dzanja lanu umakhala uli pa 10 m/s kulowera pansi, ngati mnzake uja. Chasiyana ndi nthawi yokha. Ndi v = u + at, woponyedwa pansi utenga sekondi imodzi, winawo masekondi atatu.

Pali chinanso chofunika kuchidziwa pa zinthu za acceleration yofanana: kusiyana kwa liwiro lawo sikusintha. Gwetsani mwala, mudikire sekondi imodzi, mugwetse wina. Woyamba uli pa 10 wachiwiri pa 0. Kenako 20 ndi 10. Kenako 30 ndi 20. Kusiyana ndi 10 m/s nthawi zonse. Koma mpata pakati pawo ukukula: mamita 5, kenako 15, kenako 25. Pa graph, imeneyi ndi mizere iwiri yoyenda moyandikana osakumana.

Chachisanu ndi chiwiri, yesani ndi thabwa

Zinthu zakugwa zimathamanga kwambiri moti wotchi ya m'manja siingaziyeze bwino. Galileo Galilei wa ku Italy, amene anabadwa mu 1564 n'kumwalira mu 1642, anakumana ndi vuto lomweli. Iye anagubuduza mpira wachitsulo pa thabwa lopendekeka kuti kuyendako kuchedwe, ndipo nthawi ankaiyeza potunga madzi otuluka pa kampopi kakang'ono n'kuwaika pa sikelo. Zomwe anapeza zinasindikizidwa mu 1638 ku Leiden. Inu muli ndi foni yokhala ndi stopwatch, ndiye mwayamba kale muli pabwino kuposa iye.

Pezani thabwa losalala lotalika kupitirira pang'ono mamita awiri, njerwa imodzi, tepi yoyezera, choko, ndi batire lakutha la tochi, lija lalikulu. Mufunikanso mnzanu, poti mutu umodzi susenza denga: wina azisiya batire, wina azigwira foni. Tsamiritsani mbali imodzi ya thabwa pa njerwa yogoneka. Lembani mzere woyambira pamwamba, wina pa masentimita 50, wina pa mamita awiri. Batire muzingolisiya, osalikankha, ndipo liikeni mowongoka kuti lisagwere m'mbali. Yezani nthawi kasanu pa mzere uliwonse, muphatikize n'kugawa ndi 5, chifukwa chala cha munthu chimachedwa kapena kufulumira pang'ono.

Mupeza kuti nthawi yofika pa mamita awiri ndi pafupifupi kawiri ya pa masentimita 50, ngakhale mtunda wachuluka kanayi. Kuti mupeze liwiro pa mzere uliwonse, kumbukirani kuti kugawa mtunda ndi nthawi kumangokupatsani liwiro la pakatikati la ulendo wonse. Popeza batire linayamba pa 0 n'kumawonjezera mofanana, liwiro lomalizira ndi kawiri pamenepo: v = 2s ÷ t. Tinene kuti mwapeza masekondi awiri pa mzere woyamba ndi anayi pa wachiwiri. Ndiye kuti liwiro ndi 0.5 m/s ndi 1 m/s, ndipo acceleration ndi 0.25 m/s². Pa thabwa loterolo, sekondi yoyamba batire liyenda masentimita 12.5, yachiwiri 37.5, yachitatu 62.5, yachinayi 87.5. Gawani onsewo ndi 12.5, mupeza 1, 3, 5, 7, manambala omwewo amene Galileo analemba. Kenako onjezani njerwa yachiwiri, muyerekeze liwiro pa mzere wa mamita awiri pa mapendekedwe awiriwo.

Pomaliza, tengerani masamuwa pamsewu

Kumanga mabuleki ndi acceleration ya minus, ndipo mafomula ndi omwe aja. Titenge minus 5 m/s² ngati chitsanzo. Galimoto ya pa 36 km/h, yomwe ndi 10 m/s: 0 = 100 − 10s, ndiye iima pa mamita 10. Ya pa 72 km/h: 0 = 400 − 10s, mamita 40. Liwiro kawiri, mtunda woimira kanayi.

Koma kuyerekeza komwe ndimafuna mwana aliyense akuchite ndi dzanja lake ndi kwa pa malo amodzi. Ganizirani msika wa m'mbali mwa msewu wa M1, tomato ndi mbatata zili pa mabenchi, kamwana kathamangira pamsewu kutsata mayi ake. Magalimoto awiri ofanana amanga mabuleki pa malo amodzi, ina ili pa 50 km/h, ina pa 60 km/h. Ya pa 50 ndi 13.9 m/s, ndipo iima itayenda mamita pafupifupi 19.3. Tinene kuti yaima ndendende pamapazi pa mwanayo. Nanga ya pa 60 ili pa liwiro lanji ikamafika pamenepo?

Ambiri amayankha kuti 10 km/h, pochotsa 50 pa 60. Werengetsani. 60 km/h ndi 16.7 m/s, u² ndi pafupifupi 278. Chotsani 2 × 5 × 19.3, omwe ndi 193. Mutsala ndi 85, ndipo square root yake ndi 9.2 m/s. Chulukitsani ndi 3.6: makilomita 33 pa ola. Sinthani mphamvu ya mabuleki mmene mungafunire, bola ikhale yofanana pa magalimoto onse awiri, yankho libwerabe 33, chifukwa ndi square root ya 60² kuchotsa 50².

Ndipo apa tawerengera ngati madalaivala onse aponda buleki nthawi yomweyo mwana atangoonekera. Munthu amatenga kanthawi kuti aone, azindikire, asunthe phazi. Kanthawiko kakakhala sekondi imodzi, galimoto ya pa 50 km/h imakhala itayenda mamita pafupifupi 14, ya pa 60 km/h mamita pafupifupi 17, phazi lisanafike n'komwe pa buleki.